Kachitsulo Komwe Ndinakana pa Fomu

Fomu ija anadzaza ndi amuna anga, bambo a Kachule. Kuwerenga ndimatha, sindine mbuli, koma sukulu ndinaisiyira panjira ndili ndi mimba ya Kachuleyo, ndipo chilankhulo cha mapepala a kuchipatala ndi china. Ndiye iwo anakhala pa benchi, fomu pabondo, cholembera m'manja, ine pambali pawo ndikuyankha ngati mwana wa m'kalasi.

Chomwe chinatibweretsa ndi ichi. Ndinkataya magazi pa nthawi yosayenera, ndipo dokotala wa amayi atandiona anapeza kachotupa pakhomo la chiberekero. Anati kadakali kakang'ono, koma asanagwire mpeni akufuna chithunzi chooneka bwino, cha makina a MRI, chosonyeza kuti kalowa mkati mpaka pati. Ngati kali pamwamba, adula pamalo pokhapo, chiberekero chitsala. Ngati sangathe kuona bwino, sachita zongoyerekeza, achotsa chonse. Chithunzi chotero amajambula Lachitatu lokha, chifukwa pamafunika kachipangizo kolowetsa kunjira ya amayi, kamene amati koyilo, ndipo dokotala woika kachipangizoko amabwera tsiku limenelo basi, m'mawa mpaka 12 koloko. Tinadikira masabata khumi ndi limodzi kuti tsiku langa lifike. Masabata onsewo chomwe ndinkachita nacho manyazi chinali koyiloyo. Ndinkati ndikaganiza zogona chotambalala pamaso pa anthu, nkhope inkatentha.

Bambo a Kachule ndi owotcherera zitsulo. Atamva kuti makinawo ndi chimaginito chachikulu chokoka chilichonse chachitsulo, nkhaniyo anaitenga ngati yawo. Lamlungu masana anabwera ndi maginito a sipika yakufa, n'kuyala zovala zanga pabedi, n'kumayendetsa maginitowo pamwamba ngati akusita. Siketi yanga ya buluu inalakwa chifukwa cha zipi. Bulauzi inalakwa chifukwa cha kabatani kamodzi. Anandivulitsa mapini a m'tsitsi mmodzimmodzi, n'kumawerenga. Ndinawauza kuti kumeneko amapatsa gauni, zonsezi n'zotaya nthawi, koma anati munthu wodziwa chitsulo m'nyumba muno ndi mmodzi. Kachule, yemwe ali ndi zaka zisanu, anapempha kuti naye amupime, ndipo maginito atagwira kandalama m'thumba mwake anathawira kuseri kwa chitseko.

Tsono pa benchi paja mafunso anayenda bwino. Batire la mtima, ayi. Chitsulo cha opaleshoni m'mafupa, ayi. Chipolopolo m'thupi, anandiyang'ana n'kuseka, ayi. Pa funso la tizidutswa ta chitsulo m'maso anaseka kwambiri, amvekere limeneli akanafunsa iwo ndiye fomu ikanatha inki, ndipo n'chifukwa chake mlonda wa pakhomo wawauza kale kuti asadutse mzere wachikasu uli pansiwo.

Kenako chala chawo chinafika pa mzere wotsatira.

"Lupu," anawerenga. "Ili ndiye sitivutika nalo."

Sanandiyang'ane n'komwe. Anachonga pa ayi, n'kupitirira ku funso la mano oikirira. Ine maso anali pa nsapato zanga. Atamaliza anandipatsa cholembera, ndinasaina.

Lupu yolera ndinali nayo. Chinali chaka chachitatu.

Pobereka Kachule ndinatsala pang'ono kupita. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndinataya magazi mpaka ndinaona denga likuzungulira, ndipo ndinadzuka patapita masiku awiri mwana akuyamwitsidwa ndi kapu. Zaka ziwiri zoyamba ndinkabayitsa jakisoni wolera, onse tikudziwa. Kenako iwo anati mwana wakula, akufunika mnzake. Jakisoni ndinasiya iwo akuona. Sabata yomweyo kunabwera galimoto ya zaumoyo, ya anthu oyendayenda aja amaima pabwalo tsiku limodzi n'kupita, ndipo ndinalowa m'menemo ndi dengu la kumsika m'manja. Ndinapempha nesi kuti andiike lupu, tizingwe take atidule tifupike kwambiri. Anandipatsa khadi, ndipo ndinakalimata ndi selotepi kunsi kwa tebulo la makina anga osokera, kuseri kwa kadilowa.

Ndinkati ndi za chaka chimodzi, ndipezeko mphamvu, ndiwonjezere makasitomala. Chaka chinatha, mwezi uliwonse iwo n'kumandifunsa ndi maso, ine n'kumapukusa mutu. Sanandinyoze ngakhale tsiku limodzi. Anayamba kudzikayikira okha. Anzawo a kushopu ankawaseka kuti moto wowotcherera wawapsereza mbewu, achimwene awo n'kumati mwina munthu anagwa mu mpapaya osadziwa. Anasiya mowa. Anasiya kuvala mabuluku othina. Anapita okha kukayezetsa, n'kubwerako ali ngati aberedwa, ndipo ngakhale pepala linati ali bwino, iwo anati makina a masiku ano amanama. Zonsezi ndinkaziona ndili pa makina anga, phazi likupalasa, khadi lili pansi pa dzanja langa lamanzere.

Dokotala wa amayi uja ndinamuuza zoona, chifukwa tsiku limenelo ndinalowa ndekha. Anati pa tsiku lojambula ndidzabwere ndi khadi la lupu. Koma mapepala onse a kuchipatala amasunga ndi bambo a Kachule mu envulopu yawo yapulasitiki, ndipo pepala lililonse lolowa m'menemo amaliwerenga kutsogolo ndi kumbuyo. Khadilo ndinalisiya dala kunyumba. Ndinkati kanthu kakang'ono ngati kaja ndani angakaone.

Anandiitana nthawi itangokwana hafu pasiti naini. Wondiitana anali mayi woyendetsa makinawo, wamfupi, wa magalasi apulasitiki, wopanda ndolo kapena wotchi. Anandilowetsa m'kachipinda kosinthira zovala, anandipatsa gauni lomanga kumbuyo, ndipo nditavala sanatuluke. Anatseka chitseko, anakhala pa kampando, fomu yanga m'dzanja limodzi, kalata ya dokotala m'dzanja linalo.

"Mayi, mapepala awiriwa akukangana. Ili likuti muli ndi lupu, ili likuti mulibe. Lonama ndi liti?"

Ndinaloza fomu.

Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangofunsa kuti wadzaza ndi ndani, ndipo nditayankha anagwedeza mutu ngati wamva nkhani yomwe amaimva sabata ndi sabata. Anandifunsa mtundu wa lupuyo. Ndinati sindidziwa, ndi ya lupu basi. Anandilongosolera mosathamanga kuti malupu ambiri ndi a mkuwa kapena a pulasitiki, ndipo amenewo alibe vuto m'makina awo, koma alipo ena a chitsulo chenicheni amene akhoza kusuntha kapena kutentha munthu ali mkati, ndiponso kuwononga chithunzi pamalo pomwe akufuna kuona. Koyilo imakakhala pafupi penipeni ndi pamene pali lupu. Popanda kudziwa mtundu wake, sangandilowetse.

Ine mutu wanga ukapanikizika umathamangira njira. Ndinati ndiye ingochotsani pompano. Anati muno si mochotsera, komanso kukoka chinthu kudutsa pa chotupa ndiye kuyambitsa magazi, chithunzi n'kuwonongeka. Ndinati imbirani amene anandiika. Anafunsa kuti ndi chipatala chiti, ndinati inali galimoto. Ndinati poti ambiri ndi a mkuwa, tingoti ndi ya mkuwa, ndisaina ndekha kuti zikavuta mlandu ndi wanga.

"Muno sitilosera," anatero. "Khadi lili kuti?"

Ndinati kunyumba. Anayang'ana wotchi ya pakhoma. Anati dokotala amachoka 12 koloko, ndipo angathe kundisinthanitsa ndi anthu awiri a pambuyo panga kuti ndikhale womaliza. Zikakanika lero, buku lake ladzaza mpaka miyezi itatu. Sananene kuti chotupa sichidikira buku, koma tonse tinkadziwa.

Kwathu pa basi ndi maola awiri kupita kokha. Pa njinga yamoto ya bambo a Kachule ndi mphindi makumi anayi ndi zisanu. Panalibe masamu ena.

Mayiyo anaimirira, n'kunena motsitsa mawu kuti chinsinsi ndi changa, iye sauza munthu. Ngati ndikufuna, ndivale zovala zanga ndikauze bamboyo kuti akufuna pepala lina lomwe ndaiwala, tipite tonse, ndikalitenge ndekha n'kulibisa m'thumba. Ndinathokoza. Ndinaona kuti ndi nzeru yabwino, ndipo ndinatuluka m'kachipindamo bodza lili lokonzeka kale pakamwa, la pepala la magazi la chaka chatha.

Ndinawapeza asuntha pa benchi, akucheza ndi bambo wina wachikulire wodikira kujambulidwa msana. Anali atandifulatira. M'manja anali ndi kabokosi ka machesi momwe anasungamo mphete yanga ndi ndolo, n'kumakatembenuzatembenuza. Ndinamva akuuza mkuluyo kuti iwo chomwe akupempha ndi chakuti chiberekero chitsale, osati chifukwa cha iwo, koma mayiyu asadzadzione ngati wachepa. Mkuluyo anafunsa kuti ana alipo angati.

"Mmodzi. Koma vuto si mayiyu ayi, madala. Vuto lili kwa ine. Iyeyu wangondipirira."

Ananena mosavuta, ngati munthu amene wazolowera kunena zimenezo kwa anthu osawadziwa. Sindinkadziwa kuti amatero. Ndinaima pa mzere wachikasu uja, gauni ndaligwira kumbuyo ndi dzanja limodzi kuti lisatseguke, ndipo bodza lija linakana kutuluka.

Bambo a Kachule anatembenuka. "Aa, mwatha kale? Kapena akupeza ndi msomali m'mimba?"

"Bambo a Kachule, tabwerani kuno."

Anabwera akumwetulira. Malo obisala panalibe, khonde lake ndi lopapatiza, ndipo mkulu uja anali pomwepo ndi makutu ake.

"Pitani kunyumba. Kunsi kwa tebulo la makina, kuseri kwa kadilowa, pali khadi lomata ndi selotepi. Akulifuna isanakwane 12, apo ayi sandijambula."

"Khadi la chiyani?"

"La lupu. Ndili ndi lupu."

Kumwetulira kuja sikunachoke nthawi yomweyo. Kunatsala pankhope kanthawi, ngati nyali yoiwalika masana. Anayang'ana cholembera chomwe chinali m'thumba la shati yawo, kenako ine.

"Kuyambira liti?"

"Deti lili pakhadipo."

Pa zonse zomwe ndinachita tsiku limenelo, yankho limeneli ndi lomwe limandiwawa kwambiri. Munthu anandifunsa maso ndi maso, ine n'kumutumiza kuti akawerenge yekha pa pepala.

Ndinati ndivale tipite tonse. Anati ndikhale, yekha munthu amathamanga bwino. Anatenga chisoti chawo pansi pa benchi, anaika kabokosi ka machesi pa benchipo, osati m'manja mwanga, n'kumapita. Sanathamange, sanamenyetse chitseko.

Ndinakhala pamalo pomwe anakhala iwo. Mkulu wa msana uja anayamba kuwerenga chikwangwani cha pakhoma chosonyeza zinthu zoletsedwa, makiyi, mafoni, lumo, ndipo anachiwerenga nthawi yaitali kuposa momwe chikwangwani chimafunira. Atamuitana anadzuka movutika, n'kundiuza kuti, "Pepani, mwana wanga," osanena kuti pepani chifukwa cha chiyani.

Maola awiri amenewo ndinawerenga njira m'mutu. Pano afika pa mphambano. Pano adutsa pa mlatho. Pano akutsegula loko. Pano agwada pansi pa tebulo lomwe miyendo yake anawotcherera okha, akuyendetsa dzanja kuseri kwa kadilowa. Kuchokera pamenepo ndinalephera kuwerenga, chifukwa sindinkadziwa kuti munthu akawerenga deti limenelo amatani. Akhoza kukhala pansi. Akhoza kupita kushopu n'kuyatsa moto wake ngati palibe chachitika. Ndinayesa kulingalira kuti ndikanakhala ine ndikanabwerera kapena ayi, ndipo yankho silinandisangalatse. Foni yanga inali m'kabati yokhoma pamodzi ndi zovala. Sindinapemphe kiyi.

Mkati makina ankagunda, kusiya, kugundanso. Munthu wachiwiri analowa. Mayi wa magalasi ankati akatuluka kudzatenga chinthu, amayang'ana ine, kenako khomo, kenako wotchi. Hafu pasiti leveni inadutsa. Dokotala woika koyilo, mayi wamtali wa tsitsi lometa, anatuluka ndi kapu ya tiyi, n'kufunsa ngati womaliza uja alipo kapena azilongedza.

Bambo a Kachule anafika kutatsala mphindi makumi awiri kuti 12 ikwane. Fumbi linali m'nsidze, chisoti chili kumutu. Anadutsa pamaso panga mpaka pa mzere wachikasu, anaima ndendende pamene unayambira, n'kutambasula dzanja kupatsa mayi wa magalasi khadi lija, selotepi ikadali m'mbali mwake.

"Alemba kuti mkuwa," anatero. "Mkuwa sugwira maginito. Koma onani nokha."

Mayiyo anapita nalo pa kompyuta, anafufuza dzina la lupuyo, n'kubwerako akuti zili bwino, ndilowa. Kenako anandipatsa fomu ija ndi cholembera. Anati ndikhwatche pa ayi, ndichonge pa inde, ndisaine pambali ndi dzanja langa. Ndinatsamiza fomuyo pakhoma. Mzere wokhwatcha unapitirira mpaka pa funso la mano. Bambo a Kachule anali atakhala kale kumapeto kwa benchi, akuyang'ana pansi pakati pa mapazi awo.

Chipinda cha makina n'chozizira. Anandigoneka chagada pa kabedi kopapatiza, anandibaya jakisoni woti matumbo adekhe asagwedeze chithunzi, n'kundifunditsa nsalu kuyambira m'chiuno. Dokotala anandionetsa koyilo ija asanaiike. Ndi kandodo ka pulasitiki koyera, kumapeto kwake kuli ngati mphete, kukula kwake ngati kukamwa kwa kabotolo ka mafuta odzola, kumbuyo kuli chingwe. Anakaveka kathumba ka labala, anapaka mafuta oterera. Anati makina onsewa ali ngati munthu womvetsera, ndipo kameneka ndi khutu lake, likakhala pafupi limamva ngakhale zonong'ona. Anandiuza kuti ndipinde mawondo, ndipume kwambiri. Kanali kozizira, kanakankha, kanapweteka pang'ono pofika pamalo pake, basi. Anaika timapilo ta mchenga kuti kasasunthe. Chinthu chomwe ndinachiopa masabata khumi ndi limodzi chinatha m'mphindi ziwiri, ndipo manyazi omwe ndinawasungira pamenepo sindinawapeze. Anali atathera pa khonde.

Ananditseka m'makutu, anandipatsa kampira kofinya ngati ndavutika, kabedi n'kulowa m'chimphanga chija. Lamulo linali limodzi, osagwedezeka. Phokoso lake lili ngati anthu asanu akukhoma malata nthawi imodzi, kenako n'kusintha nyimbo. Ndinagona ngati thabwa. Koma chapakati misozi inayamba yokha, n'kumatsikira m'makutu, ndipo chifuwa chinadumpha kawiri. Makina anasiya. Mawu a mayi wa magalasi anamveka pa sipika, akuti gawo limenelo lawonongeka, tibwereza, ndipo nthawi yotsala ndi yobwereza kamodzi kokha.

"Mulire tikamaliza, mayi. Panopa mphindi zisanu ndi imodzi zokha."

Ndinaluma mano. Ndinayamba kusoka diresi m'mutu, kuyambira kudula kolala, manja, mpendero, mpaka mabatani. Makina atasiyanso, diresilo linali litatsala zipi.

Dokotala atachotsa koyilo anati zithunzi zatuluka zooneka bwino kwambiri, malire a chotupa akuoneka. Ndinafunsa kuti ndiye chiberekero chitsala kapena ayi. Anati ayenera kukhala pansi ndi anzake ayeze bwinobwino, ndibwere Lachitatu linalo. Anandipatsa thonje, anati ndikhoza kuona timagazi pang'ono, ndisadabwe.

Pa benchi panalibe munthu. Ndinavala, ndinatenga khadi langa kwa mayi wa magalasi, ndinatuluka panja dzuwa lili pamutu. Ndinawapeza koimika njinga, atakhala pa mpanda waufupi wa simenti. Atandiona anaimirira n'kundipatsa chisoti changa.

"Ajambula?"

"Ajambula. Zaoneka bwino. Zotsatira Lachitatu."

Anagwedeza mutu. Anayamba kumanga lamba wa chisoti chawo, n'kusiya.

"Chifukwa chiyani, amake Kachule?"

"Ndinkaopa kufa."

"Ukanandiuza."

"Ndinakuuzani kawiri. Munati zija zinali za mwana woyamba, wachiwiri savuta."

Ndinkafuna ndiimire pomwepo, chifukwa zinali zoona ndipo zinkandikomera. Koma sizinali zoona zonse.

"Zimenezo ndi za chaka choyamba," ndinatero. "Zaka ziwiri zinazi ndilibe chonena. Ndinkakuonani mukudziimba mlandu, ndinkangosoka."

Anakwera njinga, anailiza, anadikira kuti ndikhale bwino. Asananyamuke analankhula osatembenuka, kuti Lachitatu adzandiperekeza, ndipo tsiku la opaleshoni adzakhalapo, zimenezo ndisade nazo nkhawa. Zinazo ndisawafunse panopa.

Pa bampu iliyonse ankachepetsa liwiro mpaka njinga kutsala pang'ono kuima, ndipo maenje ankawazungulira patali, moti ulendo wa mphindi makumi anayi ndi zisanu unatitengera ola ndi kanthu. Atafika pageti anaponda pansi ndi phazi limodzi kuti nditsike. Injini sanazimitse.

Kachule anatuluka kwa aneba komwe tinamusiya, akuthamanga chodumphadumpha monga mwa dzina lake, koma anafika njinga itakhota kale pakona. Anandigwira siketi n'kufunsa kuti adadi akupita kuti, abwera nthawi yanji. Pakamwa panga panali patakonzeka kale kunena kuti apita kuntchito, abwera madzulo.

"Sindikudziwa," ndinamuuza. "Tiye tilowe."